Manja angati adakonza nkhope imeneyi?

Wogulitsa matemba aliyense pa doko la Kachulu amadziwa kakonzedwe ka dengu. Matemba aakulu, owala ndi ouma bwino amakhala pamwamba. Ophwanyika ndi oda amapita pansi. Wogula wochokera ku Zomba kapena ku Limbe nayenso amazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake sayamba kunenerera mtengo asanapise dzanja mpaka pansi pa dengu. Palibe amene amakwiya nazo. Ndi malonda.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, amene simungawapusitse pa dengu la nsomba, akaona chithunzi cha katswiri wa mafilimu a ku India amachilandira chonse osapisa dzanja. Khungu losalala mbee, tsitsi lofika m'chiuno, chovala chogwira thupi ngati adabadwa nacho. Mtsikana amayang'ana chithunzicho, kenaka n'kudziyang'ana pagalasi, ndipo mlandu umagamulidwa pomwepo: wolakwa ndi iyeyo.

Kachulu ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda wa Zomba, ndipo Mumbai, likulu la mafilimu a Bollywood, ali kutsidya kwa nyanja yamchere. Koma nkhope za ku Mumbai zidafika kalekale m'mbali mwa nyanja ya Chilwa. Zidayamba kufika kudzera m'mavidiyo sho, kumene anyamata aluso amamasulira mafilimu achimwenye m'Chichewa n'kuwathira nthabwala zawozawo. Lero zimafika pa memori khadi yobenetsa pamsika, pa WhatsApp, pa Facebook ndi pa TikTok. M'nyumba zimene muli dishi zimafika pa Zee World, kanema amene adayamba kuoneka pa DStv m'chaka cha 2015. Mukazifuna pa pepala, yang'anani pakhoma la saluni, pa makatoni a sopo ndi mafuta odzola, ngakhale pa mapaketi a tsitsi loikirira.

Makolo ambiri, ngakhale a mumpingo mwathu, sadandaula kwambiri ndi mafilimu amenewa, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Muli ulemu kwa akuluakulu, muli maukwati, muli mikangano ya apongozi ndi mkamwana imene ife timaimva msanga chifukwa ndi yathu yomwe. Akazi ambiri amavala sari, nsalu yaitali imene sikusiyana kwenikweni ndi chitenje. Tsono kholo limaona kuti palibe choopsa, n'kutuluka kukagwira ntchito zina. Chimene chimatsala ndi mwana m'nyumbamo si nkhani ya mufilimu yokha. Amatsala ndi muyeso wa kukongola umene thupi lake silingaufike, chifukwa ngakhale mwini nkhopeyo saufika.

Gulu la antchito kuseri kwa kamera

Amene adaulula bwino zimenezi ndi mmodzi wa akatswiri omwewo. M'chaka cha 2016, Sonam Kapoor, amene ku India amatchuka ndi kutchena kuposa anzake ambiri, adalemba nkhani yochenjeza atsikana kuti asamadziyerekeze ndi zithunzi zake. Adafotokoza kuti asanaonekere pagulu amakhala pampando mphindi 90 akukonzedwa kumaso, ndipo anthu atatu mpaka asanu ndi mmodzi amakhala akugwira ntchito pa tsitsi ndi nkhope yake, wina akukonza zikhadabo. Pali munthu wolembedwa ntchito yongoganizira chimene iye adye ndi chimene asadye. Ndipo zonsezi zikatha, zithunzizo zimakakonzedwanso pa kompyuta. Adaululanso kuti ali wamng'ono, pofuna kuonda, nthawi ina ankadya chinanazi chokhachokha tsiku lonse.

Taganizirani tsiku lojambula chithunzi cha pachikuto cha magazini monga Vogue India, imene idayamba kutuluka m'chaka cha 2007, kapena Filmfare, imene ndi yakale kwambiri. Wosankha zovala amabwera ndi mulu wa madiresi obwereka kwa osoka otchuka. Diresi likakula, amalimanga ndi mapini kumsana kumene kamera sikuona. Nyali zikuluzikulu zimaikidwa kutsogolo ndi m'mbali kuti kuwala kufafanize makwinya ndi mithunzi ya m'munsi mwa maso. Fani imaulutsa tsitsi, ndipo nthawi zambiri gawo lina la tsitsilo n'loikirira. Wojambula amatola zithunzi mazanamazana, n'kusankhapo zochepa chabe. Zochepazo zimapita kwa katswiri wa Photoshop, amene amachotsa ziphuphu, kuchepetsa chiuno, kuwongola mphuno, kuyeretsa mano ndi kusalaza khungu mpaka timabowo take tonse titatha.

Nthawi zina wokonzayo amapyola muyeso. M'chaka chomwecho cha 2016, magazini ya Maxim ya ku India idatulutsa pachikuto chithunzi cha Priyanka Chopra atakweza mkono, ndipo m'khwapa mwake mudali mosalala ngati mwa chidole cha pulasitiki, mopanda khwinya ngakhale limodzi. Anthu adaseka ndi kudandaula mpaka mwini wake adatulutsa chithunzi china choonetsa m'khwapa mwake mwenimweni. Nkhaniyi ndi yoseketsa, koma ili ndi phunziro kwa mtsikana amene amadana ndi m'khwapa mwake chifukwa ndi mokuda: ngakhale mkazi amene adapambana mpikisano wa Miss World m'chaka cha 2000 sadapezeke wokwanira pamaso pa wokonza zithunzi.

Zovala nazo zili ndi mbiri yake. Kale ovala m'mafilimu a ku India ankasokeredwa ndi atelala wamba a pa kampani. Zinthu zidasintha m'zaka za m'ma 1990. Sari yofiirira imene Madhuri Dixit adavala mufilimu ya Hum Aapke Hain Koun ya 1994 idakopedwa ndi atelala m'dziko lonselo. Chaka chotsatira, wosoka wina dzina lake Manish Malhotra adasintha maonekedwe onse a Urmila Matondkar mufilimu ya Rangeela, ndipo kuyambira pamenepo makampani adazindikira kuti chovala chingathe kupanga katswiri. Lero ngakhale ukwati weniweni umakhala ngati tsiku lojambula: Anushka Sharma mu 2017 ndi Deepika Padukone mu 2018 adakachitira maukwati awo ku Italy atavala zosokedwa ndi Sabyasachi Mukherjee, ndipo zithunzi zimene dziko lidaona ndi zokhazo zimene eni ake adasankha. Ojambula amadikiriranso akatswiriwa pa bwalo la ndege la Mumbai, kotero kuti chovala chokwerera ndege nachonso chimasankhidwa ndi wantchito. Zambiri mwa zovala zimenezi zimabwezedwa kwa mwini wake mawa lake. Wovalayo sadagule. Amene amagula ndi woonera.

Apa ndiye pali mutu wa nkhani. Chithunzi cha katswiri si chikumbutso ngati chimene inu mudajambulitsa pa ubatizo. Ndi chikwangwani cha sitolo. Nkhopeyo ikugulitsa filimu, diresi, ndolo, sopo ndi mafuta, ndipo kuti malonda ayende woonera ayenera kumva kuti iye akuperewera penapake.

Eni nkhopezo nawonso amalipira. Kareena Kapoor adaonda kwambiri pokonzekera filimu ya Tashan ya 2008, ndipo nyuzipepala zidatamanda kuondako mpaka atsikana ambiri adayamba kudzimana chakudya. Aishwarya Rai, amene adali Miss World wa 1994, atabereka mwana mu Novembala 2011 adanenepa monga mayi aliyense woyamwitsa, koma adanyozedwa poyera chifukwa sadaonde msanga. Kwathu kuno mayi wotere tikadamuyamikira kuti akusamalidwa bwino. Deepika Padukone, pa nthawi imene zithunzi zake zidali paliponse akumwetulira, adaulula mu 2015 kuti ankadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, ndipo adayambitsa bungwe lothandiza odwala matendawa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anyamata asaganize kuti nkhaniyi ndi ya alongo awo okha. Kuyambira pamene Shah Rukh Khan adavula malaya mufilimu ya Om Shanti Om ya 2007, mimba ya timabokosi idasanduka muyeso wa mwamuna. Thupi lotere limakonzedwa kwa miyezi ndi aphunzitsi olipidwa, ndipo pa masiku ojambula ambiri amachepetsa madzi ndi mchere kuti minofu ionekere. Silikhalitsa. Mnyamata amene amapalasa bwato kuchokera pa Kachulu mpaka ku chilumba cha Chisi ndi nsungwi m'manja ali ndi mphamvu zenizeni zimene chithunzicho chikungoyerekeza.

Mtundu umene umagulitsa

Ku India kuli anthu oposa 1.4 biliyoni, ndipo miyandamiyanda mwa iwo ndi akuda, ena akuda ngati ife tomwe, makamaka kummwera kwa dzikolo. Koma mukaonera mafilimu awo mungaganize kuti dziko lonselo ndi la anthu oyera. Wakuda mufilimu kawirikawiri amakhala wantchito, chigawenga kapena woseketsa. Tsankho limeneli ndi lakale kumeneko. Lidamera pa kusiyana kwa magulu a anthu ndipo ulamuliro wa Angerezi udalithirira. Mpaka lero, m'zidziwitso zofunira mkazi wokwatira, mabanja ambiri amalemba kuti akufuna woyera khungu.

Amalonda adaona mpata. M'chaka cha 1975 kampani ya Hindustan Lever idatulutsa mafuta otchedwa Fair & Lovely, ndipo kwa zaka zambiri kutsatsa kwake kunkayenda njira imodzi: mtsikana wakuda akukanidwa ntchito kapena banja, wadzola, wayera, zonse zatseguka. Mu 2005 kampani ya Emami idatulutsa a amuna, Fair and Handsome, ndipo amene adadzakhala nkhope yake ndi Shah Rukh Khan yemwe uja. Akatswiri ambiri otchuka adalandira ndalama zotsatsira mafuta otere. Ngakhale amene adabadwa oyererapo sadasiyidwe: magazini ya Elle ya ku India ya Disembala 2010 itatuluka, anthu ambiri adadandaula kuti chithunzi cha Aishwarya Rai chidayeretsedwa kuposa mmene iye alili.

Koma Amwenye okhaokha ndiwo adayamba kukana. Mu 2009 gulu la amayi la mumzinda wa Chennai lidayambitsa ntchito yophunzitsa anthu kuti khungu lakuda ndi lokongola, ndipo mu 2013 katswiri wa mafilimu Nandita Das adalowa nawo. Iyeyu wakhala akufotokoza mmene okonza nkhope ankafunira kumuyeretsa akapatsidwa gawo la mkazi wophunzira kapena wolemera. Mu 2014 bungwe loona za kutsatsa malonda ku India lidaletsa kuonetsa anthu akuda ngati olephera. Sai Pallavi, wa kummwera, amene adatchuka mu 2015 ndi filimu ya Premam ataonekera ndi ziphuphu zake osazibisa, adakana kutsatsa mafuta oyeretsa, ndipo nyuzipepala za kumeneko zidalemba kuti ndalama zimene adakana zidali marupee 20 miliyoni. Priyanka Chopra adavomera poyera kuti amanong'oneza bondo chifukwa chotsatsa mafuta otere. Mu 2020 kampani ija idachotsa mawu onena za kuyera pa dzina la mafuta ake n'kuwatcha Glow & Lovely. Dzina lidasintha, ngati mtima wa malondawo udasintha, aliyense aone yekha.

Nkhani za kukana kumeneku sizifika pa Kachulu. Chimene chimafika ndi chithunzi chokha.

Za m'kabotolo

Tinene mwachilungamo: mafuta a makampani aakulu amene akatswiriwa amatsatsa sayeretsa munthu mmene chithunzi chimalonjezera. Wodzola akaona kuti sizikusintha, amafunafuna amphamvu. Ndipo amphamvuwo alipo, m'misika yathu, m'timachubu ndi m'timabotolo totsika mtengo, ena osakanizidwa kunyumba opanda n'chizindikiro chomwe. Agogo athu amakumbukira Ambi wa m'zaka za m'ma 1970. A lero ndi oposa pamenepo. Muli zinthu zitatu zimene banja lililonse liyenera kudziwa maina ake.

Choyamba ndi mankhwala a gulu la steroid, monga clobetasol ndi betamethasone. Awa ndi mankhwala enieni a chipatala, amene dokotala amapereka kwa masiku owerengeka pa matenda ena a pakhungu. Akadzoledwa miyezi ndi miyezi amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kumaonekera. Pamabwera mizere yofiira m'mikono ndi m'ntchafu imene siichoka, ziphuphu zimachuluka, zipere zimafalikira thupi lonse, bala limachedwa kupola. Akadzoledwa pa thupi lonse amalowa m'magazi ndipo angayambitse kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga. Ku India komweko vutoli lidakula mpaka mu 2018 boma lidalamula kuti mafuta ambiri a mtunduwu asagulitsidwe popanda chikalata cha dokotala.

Chachiwiri ndi hydroquinone. Ameneyu amayeretsa poyamba, koma pakapita nthawi, makamaka kwa munthu wokhala padzuwa, amabweretsa mawanga akuda bii m'masaya ndi pamphumi amene ndi ovuta kwambiri kuchiza. Madokotala a ku South Africa adalemba za vutoli mu 1975, ndipo dzikolo lidaletsa mankhwalawa m'mafuta odzola mu 1990. Côte d'Ivoire idaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015, Rwanda mu 2018.

Chachitatu, choopsa kuposa zonse, ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chinkakhala m'zoyezera kutentha kwa thupi zakale. Kawirikawiri pa botolo salembapo. Mu 2024 madokotala a m'chigawo cha Kerala ku India adafalitsa zimene adapeza mwa odwala 22 amene adafika ndi matenda ena a impso pakati pa Julaye 2021 ndi Sepitembala 2023. Mwa iwo, 15 adali ndi mtundu umodzi wa matendawo, ndipo 13 mwa 15 amenewo adavomera kuti ankadzola mafuta oyeretsa khungu. Ambiri adayamba kupeza bwino atasiya kudzola. Mercury amawononganso ubongo ndi mitsempha: manja amanjenjemera, munthu amaiwalaiwala, tulo timasowa. Amadutsa kwa mwana amene ali m'mimba ndi woyamwa, ndipo amatsalira pa thawulo, pa pilo ndi pa chitenje choberekera, kotero kuti amene sadadzolepo n'komwe amalandira gawo lake.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ali ndi chifukwa china chodziwira dzina limeneli. Pangano la maiko lolimbana ndi mercury, la chaka cha 2013, limatchedwa Minamata, dzina la mudzi wa asodzi ku Japan kumene m'zaka za m'ma 1950 anthu adalumala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi amene fakitale idatayiramo chitsulochi. Mu 2023 maiko a m'panganoli adagwirizana kuti pofika kumapeto kwa 2025 mafuta odzola okhala ndi mercury asapangidwenso kapena kudutsa m'malire. Chimene chasambidwa pathupi chimatsata madzi, ndipo Chilwa ndi nyanja yopanda mtsinje wotuluka. Chimene yalandira kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi mitsinje ina imasunga.

Tsono ganizirani moyo wa mayi wa pa Kachulu. Amayanika matemba padzuwa la Okutobala, kuwala kukumenya kuchokera kumwamba ndi kuchokera pamadzi. Amawamba nsomba mu utsi. Amapalira mpunga miyendo ili m'matope. Khungu lakuda lili ndi chitetezo chake chachibadwa, chimene madokotala amachitcha melanin, ndipo ntchito yake ndi kutchinga dzuwa limenelo. Abale athu achialubino, amene amabadwa opanda chitetezochi, amadziwa mtengo wake: zipewa, malaya a manja aatali, mafuta oteteza dzuwa, ndi mantha a khansa ya pakhungu. Wodziyeretsa amalipira ndalama kuti achotse chimene mnzake akulirira. Katswiri wa ku Mumbai amachoka m'galimoto kulowa m'nyumba yozizira, wantchito atamugwirira ambulera. Wotsanzira wake wa kuno amabwerera pa thandala la nsomba.

Ndipo abambo tisathawe mlandu. Mkazi sadziyeretsa kuti akondweretse nkhuku. Malinga ngati mwamuna atamanda "wakhungu loyera uja" mkazi wake akumva, malinga ngati azakhali anena za khanda kuti "koma ada ngati bambo ake" ndi mawu achisoni, wogulitsa mafuta sadzasowa kasitomala.

Amene wadzola kale mafutawa kwa nthawi yaitali asachite manyazi, ndipo asangosiya mwadzidzidzi payekha, chifukwa a steroid akasiyidwa kamodzin'kamodzi nkhope imatha kufiira, kuyabwa ndi kutupa, ndipo ambiri amabwererako poganiza kuti mafutawo ndiwo ankawachiza. Apite kuchipatala chapafupi atanyamula kachubu kapena kabotolo komweko kuti achipatala awerenge, ndipo ngati kuli koyenera amutumiza ku Zomba Central Hospital. Mkodzo wa thovu lambiri, kutupa mapazi, ndi kutupa kumaso podzuka m'mawa ndi zizindikiro zosafunika kudikira Sabata lina. Mayi woyembekezera anene za mafutawa kusikelo.

Mamba ndi zipsepse

Mwadiventi wa pa Kachulu amadziwika ndi chinthu chimodzi padoko: mlamba sagula. Amatsata Levitiko 11, amayang'ana mamba ndi zipsepse, amasankha matemba ndi makumba. Angathe kugona ndi njala koma osadya nsomba yopanda mamba. Fodya sasuta, mowa salawa. N'zomvetsa chisoni tsono kupeza m'nyumba yosamala chonchi pa zolowa pakamwa muli kabotolo kopanda dzina pawindo la kuchipinda. Khungu nalonso ndi khomo. Pamene Paulo akunena za thupi monga kachisi mu 1 Akorinto 6, sadapatulepo khungu.

Chenjezo limeneli si lachilendo mumpingo mwathu. Mu 1871, m'magazini ya zaumoyo ya The Health Reformer, Ellen White adachenjeza amayi a nthawi yake kuti zodzola zina zoyeretsa nkhope zili ndi poizoni amene amalowa m'magazi kudzera pakhungu. Ankalankhula kwa azungu, amene adali oyera kale koma ankafunabe kuyererapo. Njala imeneyi ilibe pokhutira. M'buku la The Ministry of Healing la 1905 adalembanso za zovala, ndipo sadanene kuti Mkhristu azioneka wosasamala. Adalimbikitsa nsalu yabwino, yolimba, ya mtundu woyenerana ndi wovala, yaukhondo ndi yosapanikiza thupi. Choncho palibe cholakwa kuti mtsikana atengere kwa telala sitayilo ya diresi lalitali imene waiona mufilimu, ngati ndi yaulemu ndipo thumba likulola. Masitayilo ena a ku India ndi aulemu kuposa zambiri za pa kaunjika. Chofunika n'chakuti telala asokere thupi limene lili patsogolo pake, osati mtsikana azunze thupi kuti lilowe m'chithunzi.

Baibulo silibisa ntchito imene imakhala kuseri kwa kukongola kwa kunyumba zachifumu. Buku la Estere, mutu 2, limanena kuti atsikana ankakonzedwa miyezi khumi ndi iwiri yathunthu ndi mafuta ndi zonunkhira asanaonekere kwa mfumu. Ngakhale mneneri Samueli adakopeka ndi msinkhu ndi nkhope ya Eliabu mpaka Mulungu adamuwongolera. Ndipo mkazi wa mu Nyimbo ya Solomo, mutu woyamba, ndi wakuda, wopsa ndi dzuwa chifukwa chogwira ntchito m'munda wa mpesa, ndipo buku lonselo likutamanda iyeyo. Ndime zimenezi n'zoyenera kuwerengedwa ku Pathfinder, kwa achinyamata masana a Sabata, ndi kwa amayi a Dorika, chithunzi cha magazini chili pathebulo pomwepo kuti onse achiunike pamodzi.

Kuletsa kokha sikuthandiza kwenikweni, pakuti foni imalowa ndi m'bulangeti momwe. Chimene chimathandiza ndi kuphunzitsa mwana kupisa dzanja m'dengu. Khalani naye, kulitsani chithunzicho pafoni, ndipo mufunsane. Timabowo ta pakhungu tili kuti? Bwanji zigongono ndi mfundo za zala zili ndi mtundu umodzi ndi masaya, pamene munthu aliyense zimaderako? Kuwalaku kukuchokera mbali iti? Akugulitsa chiyani? Ku France, kuyambira 2017, lamulo limakakamiza otsatsa malonda kulemba pa chithunzi ngati thupi la wojambulidwa lasinthidwa pa kompyuta, ndipo Norway idatsatira mu 2022. Kwathu kuno chizindikiro chimenecho aike ndi makolo.

Zithunzi zathu zomwe

Tisanaloze chala ku Mumbai, titsegule chikwama cha agogo. Muli chithunzi cha bambo amene adapita ku migodi ya ku Joni kapena ku Harare, ataima mu situdiyo, jekete yobwereka, wotchi yoonekera bwino, dzanja lili pa wailesi ya mwini situdiyo, kumbuyo kuli nsalu yojambulidwa nyumba yosanja. Chithunzicho chinkafika kumudzi n'kuutsa mitima ya anyamata ena. Lero mdzukulu wake ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, amagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, koma Lamlungu amaima pambali pa galimoto ya bwana n'kutumiza pa WhatsApp. Luso la ku Bollywood timalidziwa. Tidangosowa nyali zikuluzikulu.

Tsopano nyalizo zili m'thumba. Mafoni ambiri amabwera ndi fyuluta yoyeretsa ndi kusalaza nkhope yotsegula kale, mwini wake osadziwa. Mtsikana amazolowera nkhope ya pafoniyo mpaka ya pagalasi imayamba kumunyansa, ndipo apa ndi pamene kabotolo kaja kamapeza njira. Ojambula a pa maukwati, pa zinkhoswe ndi pa misonkhano ya misasa nawonso amayeretsa zithunzi asanatsuke, poti amati makasitomala amakonda choncho. Mkwatibwi amalandira chithunzi chimene mayi ake omubala ayenera kuyang'ana kawiri kuti amuzindikire.

Banja likafuna kujambulitsa, pali zochepa zimene zimathandiza, ndipo sizilira ndalama. Khungu lakuda limaoneka bwino kwambiri pa kuwala kofewa, m'mawa dzuwa lisanakwere kapena madzulo likupendeka, kapena pamthunzi wa mtengo nkhope zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Dzuwa la masana limabweretsa mithunzi m'maso, ndipo kuima nyanja yowala ili kumbuyo kumadetsa nkhope zonse mpaka wojambula amayamba kufuna kuzikonza. Mafuta wamba a Vaseline kapena glycerine akwanira kuchotsa kutuwa. Zimitsani fyuluta pafoni. Imapezeka pa kachizindikiro ka nkhope kapena ka ndodo pa kamera. Ndipo ngati mwaitana wojambula, muuzeni asanayambe kuti achotse fumbi ndi thukuta ngati akufuna, koma mtundu wa khungu ausiye mmene ulili, wa agogo, wa mayi ndi wa khanda lomwe.